Mmene ndinasiyira ntchito abwana atakana kuti analandira kalata yanga

Nditapeza ntchito ina, ndinalemba kalata yosiya ntchito n'kuisiya kwa mlembi wa abwana, koma mwezi utayandikira kutha abwanawo anandiuza kuti kalatayo sinawafike, ndipo kuti ndikachoka adzandidula malipiro a mwezi wathunthu. Uthenga wosiya ntchito umene ndinawatumizira pa WhatsApp anaukana ponena kuti si kalata, ndipo kukambirana pakamwa sikunaphule kanthu.

Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limanena kuti wolipidwa pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi yolembedwa, choncho nkhani yonse inagona pa umboni wa tsiku limene kalata inalandiridwa. Ndinalemba kalata ina yaifupi, yopanda madandaulo, yotchula tsiku lolembera ndiponso tsiku lomaliza kugwira ntchito. Ndinasindikiza makope awiri n'kupita nawo ndekha kwa mkulu woona za antchito, ndipo sindinachoke mu ofesimo mpaka atasaina, kulemba deti ndi kudinda chidindo pa kope langa. Apa ndiye panali pofunika kwambiri, chifukwa pepala lodindidwa palibe amene angalikane. Ndalama imene inalowa ndi yosindikizira mapepala basi.

M'mwezi wa notisiwo ndinalemba ntchito zonse zotsala, ndipo pobweza makiyi ndi laputopu ndinasainitsanso wozilandira. Kenaka ndinapempha kuti andiwerengere masiku a tchuthi amene sindinapume, komanso kuti andipatse kalata yaumboni yosonyeza nthawi imene ndinagwira ntchito pamalopo. Anandilipira zonse osadula kanthu.