Kaonedwe Koyenera ka Nkhope ya Mandela m'Mizati ya ku Howick

Pafupi ndi tawuni ya Howick, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, pamalo amene apolisi anagwirira Nelson Mandela pa 5 August 1962, pali chosema chopangidwa ndi mmisiri Marco Cianfanelli chimene chinatsegulidwa mu 2012, patatha zaka 50 chigwidwire mtsogoleriyo. Ndi mizati 50 yachitsulo, yotalika kuyambira mamita 6.5 mpaka 9.5, ndipo mlendo wosadziwa poima akhoza kubwerako akunena kuti wangoona nkhalango ya zitsulo.

Musafulumire kufika pafupi. Tsatani kanjira ka alendo mwachifatse, maso ali pa mizatiyo, ndipo muime pamene kwatsala mamita pafupifupi 35. Pamenepo m'mphepete mwa mizati, mmene munadulidwa mokhotakhota, mumayamba kulumikizana, ndipo nkhope yoyang'ana kumbali imatulukira, chipumi, mphuno ndi milomo zonse zili m'malo mwake.

Ngati nkhopeyo ikukanabe kuoneka, tsinzinani diso limodzi. Maso awiri ndiwo amathandiza ubongo kudziwa kuti mzati uwu uli pafupi pomwe uwo uli patali, choncho mukatseka limodzi kusiyanako kumachepa, ndipo mizati yonse imaoneka ngati yajambulidwa papepala limodzi. N'chifukwa chakenso kamera ya foni nthawi zambiri imaigwira nkhopeyo msanga kuposa mwini foniyo.

Alendo ena akangojambula chithunzi amabwerera pomwepo, koma kwa ine amenewo aona theka chabe la ntchitoyi. Sunthirani kumanzere kapena kumanja pang'onopang'ono, muone mphuno ikusiyana ndi milomo mpaka nkhope yonse itabalalika. Kenako pitani pafupi penipeni, muyang'ane mzati umodziumodzi. Mudzapeza kuti sinaikidwe pamzera umodzi, ina ili kutsogolo ndipo ina ili kumbuyo ndithu, komanso kuti palibe mzati ngakhale umodzi umene uli ndi diso kapena khutu pawokha. Poima pamenepo, zitsulo zikukuposani msinkhu kangapo, n'kovuta kusaganiza za zitsulo za ndende zimene Mandela anakhalamo kwa zaka 27.

Pobwerera, muziyenda mukucheuka, kuti muone mtunda weniweni umene mizatiyo imayambiranso kugwirizana.