Mmene mungakulitsire mpweya pokwera kaphiri ka miyala mobwerezabwereza

Ngati mukufuna mpweya wautali, woti muziyenda kapena kuthamanga nthawi yaitali osachita befu, pezani kaphiri kamodzi ka miyala kokwera kwambiri, muzikwera nkutsika, kukweranso nkutsikanso, basi. Si nzeru yachilendo ayi. Kochi wa ku New Zealand, Arthur Lydiard, ankawakwezetsa mapiri anyamata ake kwa masabata angapo asanayambe zothamanga mu bwalo, ndipo mmodzi wa iwo, Peter Snell, anawina golide wa 800m ku Olympics ya ku Rome mu 1960, nkudzawinanso 800m ndi 1500m ku Tokyo mu 1964. Inu simukusaka mendulo mwina, koma mtima ndi mapapo anu zimaphunzira chimodzimodzi.

Sankhani malo oti kukwera kamodzi kukutengereni mphindi 3 mpaka 6. Tsiku loyamba ingoyendani pang'onopang'ono masana kukuwala, muone mwala uti ukugwedera, pati pali timiyala tosereleka, pati mungaime ngati miyendo yakana. Ikani chizindikiro poyambira ndi pothera, kaya mtengo kaya thanthwe linalake, kuti ulendo uliwonse uzikhala wofanana. Nsapato zikhale zogwira pansi bwino, zija za pansi posalala zisiyeni kunyumba. Musanayambe tenthetsani thupi mphindi 10 kapena 15 pamalo athyathyathya.

Ndiye apa mpamene ambiri amalakwitsa, ndipo ndikufuna mumvetsetse chifukwa zonse zagona pamenepa. Ulendo woyamba miyendo imakhala idakali ndi mphamvu, munthu umangomva ngati ungauluke, ndiye umakwera ndi liwiro lonse, kufika pamwamba mtima uli thi thi thi mpaka m'makutu, wachiwiri ukukoka miyendo, wachitatu wakhala pamwala basi zatha. Mwatopa inde koma simunapindule zambiri. Chomwe chimakulitsa mpweya ndi kuchuluka kwa nthawi yomwe mtima ukugwira ntchito yolimba koma yoti mungaipirire. Choncho ulendo woyamba dzigwireni dala, kwerani pa liwiro loti mungathe kuyankhula mawu atatu anayi musanapume. Yang'anani wotchi kapena foni. Ngati woyamba munakwera pa mphindi 4, womaliza ukhalenso pafupi ndi 4 pomwepo. Mukaona kuti nthawi yayamba kuthawa, mwafika pa 5 ndipo mapazi akupunthwa pa miyala yomwe poyamba mumaidumpha bwinobwino, lekani, za tsikulo zakwana.

Pokwera ponyani masitepe afupiafupi, osati kutambasula miyendo. Weramirani kutsogolo pang'ono koma osapinda msana, chifuwa chikhale chotseguka kuti mpweya uzilowa. Pomwe pakwera kwambiri musachite manyazi kuyenda, gwirani manja pa ntchafu chapamwamba pa mawondo muzikankha, ngakhale akatswiri othamanga m'mapiri amatero. Maso akhale masitepe awiri atatu kutsogolo, osati pa zala.

Kutsika ndiye kumene ine ndimakuopa kuposa kukwera. Potsika minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira mabuleki, imatamuka uku ikulimbana ndi kulemera kwa thupi, ndipo ndi ntchito imeneyi yomwe imabweretsa ululu uja wobwera mochedwa, umayamba mawa lake nkufika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72. Ine ulendo wina ndinatsika mothamanga nditatopa kale, ndinaponda kamwala kakang'ono kozungulira kali pamwamba pa thanthwe, kanagubuduka ndi phazi langa ndipo kakolo anabinya pomwepo, ndinakhala masabata osakwera. Chichokereni tsiku limenelo ndimatsika moyenda. Mawondo opinda pang'ono, masitepe aafupi, phazi lonse pamwala waukulu wouma, ndipo pomwe patsetsereka kwambiri tsikani chammbali. Kutsikako ndiye kupuma kwanu, mukafika pansi mpweya ukhale utabwerera. Chosangalatsa nchakuti thupi limazolowera msanga, ululu wa tsiku lachiwiri lokwera sufanana ndi wa tsiku loyamba.

Sabata yoyamba maulendo atatu pa tsiku akwana. Muziwonjezera umodzi pa sabata, ndipo phiri likhale kawiri pa sabata basi, pakati pake masiku awiri opuma kapena oyenda pamalo abwino. Sabata yachinayi iliyonse chepetsani, bwererani pa theka, chifukwa mapapo amalimba msanga kuposa mitsempha ya m'mawondo ndi m'akakolo, ndiye mutha kumva ngati muli ndi mphamvu zambiri pomwe mfundo sizinakonzeke. Mukafika maulendo 8 nthawi osasintha, mutha kusaka phiri lalitali kapena kubereka kachikwama kolemera pang'ono.

Muzilemba penapake. Ngati kaphiri kanu nkotalika mamita 60, maulendo 5 ndi mamita 300 omwe mwakwera tsiku limenelo, ndipo pakutha mwezi nambala imeneyi imalimbikitsa kwambiri. Alipo anthu amachita zomwe amazitcha Everesting, kubwereza phiri limodzi mpaka atakwanitsa mamita 8,848, kutalika kwa phiri la Everest, pa nthawi imodzi. Zimenezo ndi za patsogolo kwambiri, musaziyese chaka choyamba.

Tengani madzi, muwasiye pansi poyambira muzimwa pang'ono mukatsika. Mvula ikagwa musakwere, thanthwe lonyowa la ndere limaterera ngati sopo. Muuzeni wina komwe mwapita komanso nthawi yobwerera. Ndipo mukamva kuwawa m'chifuwa, chizungulire, kapena mtima ukugunda mosokonekera, imani nthawi yomweyo, khalani pansi, mukaonane ndi dokotala musanabwererenso kuphiri. Amene muli ndi BP kapena vuto la mtima, yambirani kwa dokotala komweko musanakwere ndi kamodzi komwe.