Kugulitsa kwa makasitomala a Monero muno mu Harare

Amene mumakonza mafoni ku Mbare kapena kugulitsa katundu pa intaneti, dziwani kuti wolipira ndi Monero, ndalama ya pa intaneti, ndi wosiyana ndi wa Bitcoin. Malipiro a Bitcoin amaoneka poyera. Monero, yomwe inayamba mu 2014, imabisa wotumiza, wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama. Mukamufunsa chitupa kapena nambala ya EcoCash popanda chifukwa, kasitomalayo sabweranso.

Chotsani Meta Pixel ndi Google Analytics, zida zotsata zochita za alendo, patsamba lanu la pa intaneti. Ena mwa makasitomalawa amalowa ndi Tor Browser, pulogalamu yobisa amene akutsegula tsamba, atazimitsa JavaScript (khodi yoyendetsa zinthu zina patsamba), choncho tsambalo lizitsegukabe bwinobwino. Muzicheza nawo pa Signal, pulogalamu yotumizirana mauthenga mwachinsinsi, osati kuwaponya m'gulu la WhatsApp momwe nambala zawo zimaonekera kwa aliyense.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: kasitomala aliyense mumupatse subaddress (adiresi yapadera yolandirirapo Monero) yakeyake. Imayamba ndi 8, pomwe adiresi yaikulu imayamba ndi 4. Mukapatsa onse imodzi, simudziwa kuti walipira ndani, poti wotumiza saoneka. Ndalama zikalowa zimatsekeka kwa ma block (magulu a malipiro otsimikizidwa) 10, pafupifupi mphindi 20, ndiye musalonjeze kubweza chenje pompopompo.

Mtengo muziika mu USD. Binance, msika wosinthira ndalama za pa intaneti, inachotsa Monero mu February 2024, ndipo kusintha XMR (dzina lachidule la Monero) kukhala madola apamanja kumachedwa, mtengo n'kumasinthasintha uku mukudikira. Pochita malonda musamanene kuti "palibe angakupezeni", amakuonani ngati tsotsi. Ndipo kaundula wa zimene mwagulitsa sungani, chifukwa msonkho wa ZIMRA umakudikiranibe.