Mphotho za Osamalira Anthu ku Britain: Mmene Ntchito Yanu Ingafikire kwa Oweruza

Kuyambira mu February 2022, pamene boma la Britain linalola kuti anthu ochokera kunja azilembedwa ntchito yosamalira okalamba ndi olumala kudzera pa viza ya Health and Care Worker, Amalawi ambiri akhala akugwira ntchito m'nyumba zosungirako okalamba, ndipo ena amayenda khomo ndi khomo kuthandiza anthu m'nyumba zawo zomwe. Chaka chilichonse m'dzikoli mumaperekedwa mphotho zoyamikira ogwira ntchito imeneyi, koma ambiri a ife timangomva kuti wakutiwakuti wapambana osadziwa njira imene dzina lake linadutsa. Njirayo ndi yotseguka kwa aliyense, ndipo imadalira kwambiri umboni wolembedwa.

Mphotho zodziwika kwambiri kwa wogwira ntchito wamba ndi za Great British Care Awards, zimene zimayambira m'zigawo, ndipo opambana m'zigawo amakapikisananso pa dziko lonse. Zili ndi magulu ambiri, monga la wosamalira anthu m'nyumba yosungirako okalamba, la woyendera anthu kumakomo kwawo, la amene wangoyamba kumene ntchito, la wosamalira odwala matenda oiwalaiwala a dementia, la wosamalira anthu amene ali pafupi kumwalira, la wobweretsa nzeru zatsopano, ngakhalenso la ophika. Palinso National Care Awards, zimene zimakonzedwa ndi magazini ya Caring Times. Ku Wales bungwe la Care Forum Wales limayendetsa Wales Care Awards, ndipo ku Scotland bungwe la Scottish Care lili ndi zakezake. Ku England boma limaperekanso mphotho za golide ndi siliva kudzera kwa mkulu wa anamwino m'gawo losamalira akuluakulu, udindo umene Pulofesa Deborah Sturdy anali woyamba kuutenga mu 2020. Koma musasokoneze zonsezi ndi Social Worker of the Year Awards, zimene zinayamba mu 2006, chifukwa izo n'zokhudza ma social worker, ntchito ya digiri imene ku England munthu saigwira asanalembedwe m'kaundula wa Social Work England.

Dzina la munthu limaperekedwa ndi manijala, mnzake wa pantchito kapena achibale a munthu amene akusamalidwa, ndipo mipikisano ina imalola munthu kupereka dzina lake yekha. Apa ndi pamene ambiri a ife timabwerera m'mbuyo, chifukwa tinaleredwa kuti kudzichemerera n'kupanda ulemu. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma oweruza sakudziwani, sanakuonenipo pa shifiti yausiku, ndipo zonse zimene angadziwe za inu ndi zimene zalembedwa pa fomu. Kuuza manijala wanu kuti mukufuna kuti aganizire dzina lanu chaka chino si chipongwe, makamaka pamenenso mphothoyo imakweza mbiri ya kampani imene ikukulembani ntchito.

Fomu yonena kuti ndinu wachifundo, wakhama ndiponso wosajomba siipita patali, chifukwa mawu amenewo amalembedwa za aliyense. Oweruza amafuna kumva vuto limene linalipo, chimene inuyo munachita, ndi chimene chinasintha pa moyo wa munthuyo. Tiyerekeze kuti gogo wina wodwala dementia ankakana kusamba m'mawa uliwonse mpaka kumenya omusamalira, ndipo inu, mutacheza ndi ana ake, munapeza kuti moyo wake wonse ankasamba madzulo, choncho munapempha kuti ndondomeko ya chisamaliro chake isinthidwe, ndipo kukanako kunatha. Nkhani yotere ndi yamphamvu chifukwa ikuonetsa kuti munamvetsera, munatsata njira yoyenera posintha ndondomeko, ndipo zotsatira zake zili m'mabuku a pantchito. Nzeru zatsopano zimene mphothozi zimafuna kawirikawiri zimakhala zoterezi. Sizilira kompyuta kapena makina okwera mtengo, koma ziyenera kukhala njira imene anzanu angaitengere n'kuigwiritsa ntchito pa anthu ena inu mulibe.

Choncho yambani kusunga umboni nthawi ya mpikisano isanakwane. Sungani makadi othokoza ochokera kwa achibale, mawu oyamikira amene manijala analemba pounika ntchito yanu, ndi masatifiketi a maphunziro monga Care Certificate, imene inayamba mu 2015, kapena dipuloma ya Level 3. Ngati oyendera a Care Quality Commission, bungwe loyang'anira malo osamalira anthu ku England, anayamikira mu lipoti lawo ntchito imene inu munaiyambitsa, tchulani zimenezo, chifukwa malipotiwa ndi apoyera ndipo oweruza amawakhulupirira. Anamwino olembetsedwa ku Nursing and Midwifery Council ali kale ndi chizolowezi chimenechi, popeza zaka 3 zilizonse amayenera kusonyeza ndemanga 5 za ena pa ntchito yawo kuti akhalebe m'kaundula.

Posunga umboniwu pali malire amene simuyenera kuwadumpha ngakhale pang'ono. Musajambule munthu amene mukumusamalira pa foni yanu, musatulutse mapepala a chisamaliro chake kunja kwa malo antchito, ndipo musatchule dzina lake pa fomu kapena pa Facebook popanda chilolezo chodutsa kwa manijala. Lamulo la Data Protection Act la 2018 limateteza zinsinsi za anthuwa, ndipo kuliphwanya kungakuchotsetseni ntchito, chinthu chimene kwa munthu wa viza yodalira bwana chimakhudzanso ufulu wake wokhala m'dzikomo. Munthu wodwala amene sangathe kudziyankhulira ndi woyenera kutetezedwa kuposa wina aliyense, ndipo palibe chikho chimene chingaposere ulemu wake.

Mukasankhidwa kufika gawo lomaliza, mipikisano yambiri imakuitanani kuti mukacheze ndi oweruza. Konzekerani nkhani ziwiri kapena zitatu zenizeni, muzinene m'Chingerezi chosavuta, ndipo musiyanitse bwino zimene munachita inuyo ndi zimene linachita gulu lonse. Funsaninso msanga ngati kampani idzalipire tikiti ya phwando lopereka mphotho pamodzi ndi ulendo, chifukwa matikitiwa amakhala okwera mtengo.

Mphotho siisintha viza yanu, siifupikitsa zaka zodikira chilolezo chokhazikika m'dzikomo, ndiponso siikakamiza bwana kukukwezerani malipiro. Phindu lake limaoneka pofunsira ntchito ina kapena udindo wokwererapo. Kuyambira pa 22 July 2025 Britain inasiya kupereka viza ya ntchitoyi kwa ofunsira ali kunja, koma amene ali kale m'dzikomo akhoza kusintha bwana, ndipo amene bwana wake walandidwa chiphaso cholembera alendo amakhala ndi nthawi yochepa yopezera wina. Pa nthawi yotero ngakhale satifiketi yakuti munafika gawo lomaliza imathandiza kuti kalata yanu iwerengedwe.

Chenjerani ndi imelo yokuuzani kuti mwapambana mpikisano umene simunalowe, kenaka n'kukupemphani ndalama za chikho kapena zoti dzina lanu lisindikizidwe m'magazini. Musanalipire kalikonse, onani ngati okonzawo amatchula mayina a oweruza, malamulo a mpikisano ndi opambana a zaka zam'mbuyo, ndipo muonetse imeloyo kwa manijala wanu.