Babu la pakhonde la amayi ku Dedza

Ndinawagulira amayi babu lolumikiza ku Wi-Fi kuti asamatuluke kukayatsa pakhonde kunja kukazizira. Mukudziwa mphepo ya ku Dedza mu June, imalowa mpaka m'mafupa. Pa pulogalamu ya pafoni ndinaika kuti liziyaka 6 koloko madzulo.

Sabata isanathe anandiimbira: "Mwanangu, babu lako likuchedwa, ndikumakapungulira nsima mumdima." Cholakwa chinali changa. Mu June kunoko dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndiye ndinachotsa nthawiyo n'kusankha kuti liziyaka dzuwa likamalowa. Pamafunika kulembamo malo a nyumba molondola, apo ayi limatsatira dzuwa la kwina.

Vuto lina linali la magetsi akazima. Akabwera pakati pa usiku, babu linkayaka lokha mpaka m'mawa, mayunitsi n'kumapita. M'masetingi a babulo muli posankha chochita magetsi akabwerera. Ndinaika kuti lizibwerera momwe linalili asanazime.

Zolamula ndi mawu ndinangozisiya, chifukwa makinawa samva Chichewa ndipo sindinafune kuti amayi azivutika ndi Chingerezi m'nyumba mwawo. M'malo mwake ndinaika kuti lizizima lokha 9 koloko, nthawi yomwe iwo amakagona.