Momwe mungaonere shoo ya mamotoka akale ndi osinthidwa kuno ku Lusaka

Anthu ambiri akapita ku shoo ya mamotoka ija amaika mu holo amangolowa, kujambula ma selfie angapo, pakatha mphindi 20 atuluka kale ati munalibe chachilendo. Pomwe nkhani yeniyeni inali pansi pa boneti, komanso mkamwa mwa amdala aja anakhala pa kampando pambali pa motoka yawo kudikira wina awafunse funso lanzeru.

Choyamba tsimikizani tsiku ndi malo. Zotere zimalengezedwa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo positala ya chaka chatha imazungulirabe ngati ya lero, ndiye yang'anitsitsani deti. Ngati malo ake ali mbali ya Great East Road, kaya ku Showgrounds, ku Mulungushi kapena pafupi ndi East Park, basi ya ku Chelstone ikusiyani pafupi, apo ayi itanani takisi ya pa foni ya Yango. Mukapita ndi yanu nyamukani m'mawa, Loweruka masana pa Manda Hill ndi pa Arcades sipayendeka. Tengani kandalama ka m'thumba, osadalira mobile money yokha, netiweki imathawa pakachuluka anthu.

Chachiwiri zovala, musaseke. Lamba wa chitsulo chachikulu, zipi ya jekete, makiyi olendewera m'chiuno, chikwama chakumbuyo, zonsezi zimakanda penti mukamawerama kusuzumira pa windo. Chikwama chibwere kutsogolo, makiyi m'thumba. Lamulo lake ndi limodzi, osagwira, osatsamira, osatsegula chitseko mwiniwake asanakuuzeni. Ana bwerani nawo ndithu koma agwireni dzanja, makamaka ngati mwawagulira ayisikilimu pakhomo.

Mukalowa zungulirani kaye holo yonse osaima, kenako sankhani mamotoka atatu kapena anayi oti muwapatse nthawi. Apa ndiye pali ntchito.

Ubwino wa shoo ya m'nyumba ndi magetsi. Imani pa kona ya motoka, weramani pang'ono, muyang'ane momwe kuwala kwa nyale za kudenga kukuyendera pa chitseko mpaka kumbuyo. Mzere wa kuwalawo ukakhala wowongoka ndiye kuti panel beater anagwira ntchito, ukamapindikapindika ngati njoka dziwani kuti pansi pa penti yonyezimirayo padzaza filler, phala lija amamata pobisa malo ophwanyika. Onaninso mpata wa pakati pa chitseko ndi bodi ngati uli wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Dzimbiri limabisala m'munsi mwa zitseko, mozungulira mawilo ndi m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, penti ikatupa timatuza pamenepo ndiye lalowa kale. Pa Land Rover zakale zija zinayamba mu 1948 musataye nthawi pa bodi chifukwa ndi ya aluminiyamu, suzumirani pansi pa chasisi, ndi pomwe pali chitsulo chodyeka. Ndipo chonde musakafunse kuti injini ya Volkswagen Beetle yapita kuti mukaona kutsogolo kuli tayala la sipeya, injini yake ili kumbuyo, imazizira ndi mphepo, ilibe radiyeta. Yomaliza ya mtundu wakalewo inatuluka ku Mexico mu 2003.

Mwiniwake akatsegula boneti ya motoka yakale muona mpata wambiri moti mkono umalowa paliponse, kabureta ili poyera, distributor ndi mawaya ake, mulibe kompyuta yofuna makina a diagnosis. N'chifukwa chake amakanika a pansi pa mtengo ankazikonza ndi sipanala ndi khutu basi.

Ine mbali yomwe imandikoka ndi ya mamotoka omwe makolo athu anakweradi. Mukaona Fiat ya m'ma 1970 funsani ngati ndi ya ku Livingstone, chifukwa nthawi imeneyo Livingstone Motor Assemblers inkalumikiza ma Fiat konkuno ku Zambia, ndipo achinyamata ambiri sadziwa n'komwe. Peugeot 504 inatuluka mu 1968, inapambana Safari Rally mu 1975, ndipo m'misewu yafumbi ya kumudzi inkayenda ngati palibe mabampu. Datsun 120Y, Ford Cortina, Mercedes W123, Land Cruiser ya 40 series, iliyonse ili ndi wina mu holomo amene aziti "iyi ndi ija anali nayo atate". Mukapeza ya rally yokhala ndi mapaipi achitetezo mkati, tchulani Satwant Singh, dalaivala wa kuno ku Zambia amene anakhala katswiri wa rally mu Africa kasanu ndi katatu, muona amdala akutsegula nkhani mpaka kuiwala nkhomaliro.

Kwa anyamata a custom, aja osintha mamotoka, zinthu ndi zina. Kuno ndi ma Altezza, ma Mark X, ma Golf otsitsidwa mpaka kutsala pang'ono kunyambita pansi, marimu akuluakulu, ma sipika odzaza buti yonse. Ena anachotsa injini yoyamba n'kuikamo yamphamvu ngati 1JZ ya Toyota kapena V8 ya Lexus. Musamangomvera phokoso la ekizozi, onani mawaya ngati anamangidwa bwino kapena angokulungidwa ndi tepi, onani kuwotcherera kwake, ndipo funsani ngati mabuleki anawakuza. Kuwonjezera mphamvu n'kusiya mabuleki akale ine sindiombera m'manja. Funso lina lomwe limawaseketsa koma ndi lenileni, amadutsa bwanji ma hump a mu komboni ndi motoka yotsika chonchi?

Polankhula ndi mwiniwake yambani ndi moni, "muli bwanji amdala" kapena "a boss", osayamba ndi "ni zingati". Ambiri sakugulitsa, ndipo mtengo wake sautchula pamaso pa amayi akunyumba. Funsani kuti anaipeza kuti, inali bwanji pomwe ankaitenga, sipeya iti inavuta kwambiri. Mumva za kagalasi ka indiketa kodikira miyezi kuchokera ku Johannesburg kapena ku UK, ndi za motoka ina yomwe anagula yakufa kuti azichotsako zitsulo. Nambala ya makanika wabwino wa kabureta kapena wosoka mipando imapezeka pa macheza oterewa, lembani mu foni pompo.

Zithunzi jambulani koma pemphani kaye, ena safuna nambala puleti yawo izizungulira pa intaneti. Zimitsani fulashi, gwadani mujambulire cha m'munsi, ndipo dikirani gulu lidutse.

Ngati mtima wagwa pa ina yomwe yalembedwa kuti ikugulitsidwa, musapereke dipoziti mu holo momwemo. Panganani tsiku lina masana panja, mubwere ndi makanika wanu, injini ailize ili yozizira inu mukuona. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zomwe zili mu white book, chikalata cha umwini wa motoka, ndipo ngati anasintha injini kapena mtundu wa penti, muone pepala losonyeza kuti ku RTSA, bungwe la boma lolembetsa mamotoka, anakasinthitsa.