Kuwonkhetsa mu query kapena mu lipoti: momwe mungasankhire

Tinene kuti muli ndi tebulo la malonda mu database (mosungiramo deta pa kompyuta), ndipo abwana akufuna kudziwa ndalama zomwe nthambi iliyonse yapeza. Mutha kuwonkhetsa mu query (funso lomwe mumalembera database) momwemo ndi GROUP BY, lamulo loika mizere m'magulu, kapena kulowetsa mizere yonse mu lipoti kuti lizidula ndi kuwonkhetsa pomwe nthambi iliyonse yathera.

Musanalembe kalikonse, afunseni: kodi akufuna kuona malonda amodziamodzi, kapena ziwonkhetso zokha? Ambiri timalumpha funso limeneli, kenako n'kubwereza ntchito yonse.

Akati ziwonkhetso zokha, lembani motere:

SELECT nthambi, SUM(ndalama) FROM malonda GROUP BY nthambi;

Nthambi iliyonse ipeza mzere umodzi basi. Seva, kompyuta yosunga database, ndiyo imawerengera, motero zodutsa pa netiweki zimachepa kwambiri. Pofuna kusefa, WHERE imachotsa mizere isanalowe m'magulu, pomwe HAVING imachotsa magulu atawonkhetsedwa kale.

Akati akufuna kuona malonda onse, musaike GROUP BY, chifukwa mizere ikaphatikizidwa lipoti silingaibwezenso. Mu Microsoft Access, tsegulani lipoti mu Design View, dinani Group & Sort, sankhani nthambi, kenako yatsani Group Footer. Mmenemo ikani bokosi lolembamo =Sum([ndalama]). Bokosi lomwelo mukaliika mu Report Footer limapereka chiwonkhetso cha nthambi zonse. Mu SQL*Plus, pulogalamu ya Oracle yolemberamo query, mumalemba BREAK ON nthambi ndi COMPUTE SUM OF ndalama ON nthambi, koma osaiwala ORDER BY nthambi. Mukaiwala, chiwonkhetso chizituluka paliponse pomwe dzina la nthambi lasintha, nthambi imodzi n'kuoneka kasanu.

Pomwe ndimachenjeza anthu kwambiri ndi pa avareji, makamaka mukaphatikiza njira ziwirizi. Nthambi A yagulitsa kawiri, 100 ndi 300, avareji yake 200. Nthambi B yagulitsa kasanu ndi katatu, nthawi iliyonse 50, avareji yake 50. Query ikatumiza maavareji awiriwa ku lipoti, lipoti lipeza 125. Yeniyeni ndi 80, chifukwa ndalama zonse ndi 800 pa malonda 10. Chowawa n'chakuti kompyuta sidandaula, ndipo 125 amaoneka ngati nambala yabwinobwino papepala.

Choncho query izitumiza SUM (chiwonkhetso cha ndalama) ndi COUNT (chiwerengero cha malonda) za nthambi iliyonse. Pansi pa lipoti wonkhetsani ma SUM onse ndi ma COUNT onse, kenako gawani choyamba ndi chachiwiri.